Momwe mungakonzekerere opaleshoni ngati mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku

Wodwala akauzidwa kuti asadye kanthu asanachitidwe opaleshoni, kawirikawiri amayesa kuti lamuloli likukhudzanso mapiritsi ake, ndipo amawasiya onse. Wina amamwa onse monga mwa masiku onse, osauza aliyense. Njira ziwirizi zingaike moyo pachiswe, pakuti mankhwala aliwonse ali ndi lamulo lake, ndipo wolipereka ndi dokotala wochita opaleshoniyo pamodzi ndi wogonetsa.

Choyamba, mukangopatsidwa tsiku la opaleshoni, sonkhanitsani mankhwala anu onse ali m'mapaketi ake, mukawaonetse kuchipatala kudakali nthawi. Kunena kuti mumamwa kapiritsi koyera kakang'ono sikuthandiza dokotala, chifukwa akufunika dzina ndi mlingo wake. Musabise mankhwala azitsamba kapena opha ululu amene mumagula nokha, monga ibuprofen. Ambiri amachita manyazi kutchula zitsamba, komabe zina, monga ginkgo ndi mapiritsi a adyo, zimachititsa kuti munthu ataye magazi ambiri, n'chifukwa chake zimasiyidwa kukatsala milungu 2. Amayi atchulenso mapiritsi olera, popeza amene ali ndi estrogen amasiyidwa kukatsala milungu 4 ngati opaleshoniyo ndi yaikulu, poopa kuundana kwa magazi m'mitsempha, ndipo pa nthawiyo pafunika njira ina yolera.

Chachiwiri, funsani mwapadera za mankhwala oletsa magazi kuundana, pakuti apa ndi pamene kulakwitsa kumapweteka kwambiri. Warfarin amasiyidwa kukatsala masiku 5, kenako magazi amayezedwa kuti INR, nambala yosonyeza nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, ioneke ngati yatsika mokwanira. Clopidogrel amasiyidwa kukatsala masiku 5 mpaka 7, pamene rivaroxaban ndi apixaban amafuna tsiku 1 mpaka masiku 3, malinga ndi kukula kwa opaleshoni ndi mmene impso zikugwirira ntchito. Koma masiku amenewa si oti muwerenge nokha. Munthu amene anaikidwa valavu yachitsulo mumtima akasiya warfarin popanda chomuteteza angachite sitiroko, choncho dokotala angamupatse jakisoni wa heparin, woletsanso magazi kuundana, pa masiku apakatiwo. Amene anaikidwa stent (kachubu kotsegula mtsempha) m'mitsempha ya mtima asasiye aspirin kapena clopidogrel asanamve kwa dokotala wa mtima.

Chachitatu chikukhudza a matenda a shuga. Kumwa glibenclamide mmawa umene simukudya kungatsitse shuga mpaka kukomoka, motero amadumphidwa tsikulo, ndipo nthawi zambiri metformin nayenso amaimitsidwa. Empagliflozin ndi dapagliflozin amasiyidwa kukatsala masiku osachepera 3. Insulin yogwira ntchito nthawi yaitali imachepetsedwa mlingo chabe, ndipo wodwala shuga wa mtundu woyamba sayenera kuisiyiratu ngakhale tsiku limodzi. Pemphani kuti mlingo watsopanowo akulembereni papepala.

Chachinayi, mankhwala a kuthamanga kwa magazi satsata lamulo limodzi. Atenolol ndi propranolol amamwedwa ngakhale mmawa wa opaleshoni, chifukwa kuwasiya mwadzidzidzi kumathamangitsa mtima. Enalapril, captopril ndi losartan madokotala ambiri amawaimitsa kukatsala maola 24, poopa kuti kuthamanga kwa magazi kungatsike kwambiri munthu akagonetsedwa.

Chachisanu, dziwani mankhwala osayenera kudumphidwa: a khunyu, ma ARV, a TB, a chithokomiro ndi a matenda a Parkinson. Amwereni timadzi pang'ono pa ola lake, pokhapokha dokotala atanena zina. Malamulo ambiri amaletsa chakudya kwa maola 6 koma amalola madzi mpaka kukatsala maola 2, choncho piritsi silisokoneza kanthu. A mphumu atenge mankhwala awo opopera m'kamwa polowa m'chipatala. Amene mwamwa prednisolone kwa milungu ingapo nenani momveka, chifukwa thupi limachepetsa kupanga cortisol yake, homoni yothandiza thupi kupirira pa nthawi yovuta, ndipo pa opaleshoni mungafunike hydrocortisone wowonjezera, wolowa m'malo mwa cortisol, kuti musafooke mwadzidzidzi.

Mmawa wa tsikulo muuzeni namwino zimene mwamwa ndi ola lake, ndipo ngati mwamwa mwangozi mankhwala amene anakuletsani, ululani ngakhale mukuopa kuti tsiku lisinthidwa. Musanatuluke m'chipatala, funsani tsiku loyambiranso mankhwala aliwonse amene anaimitsidwa, makamaka warfarin ndi a shuga, ndipo amene akukusamalirani akhalepo kuti amve nawo yankho.