Momwe gulu lanu lingapemphere ndalama zothandizira ochitiridwa nkhanza kuno ku Chigwa cha Shire

Magulu ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje amene amathandiza amayi omenyedwa ndi ana ogwiriridwa amamva za thandizo la ndalama kutatsala sabata imodzi kuti opereka atseke kulandira makalata opemphera. Mpamene amayamba kufunsana kuti satifiketi ya gulu ili kwa yani. Tsiku likadutsa amati mwayi ndi wa a m'tauni, chonsecho ntchito yaikulu imayenera kugwiridwa chilengezo chisanatuluke.

Yambani ndi mapepala

Gulu la m'mudzi limalembetsa ku ofesi ya chisamaliro cha anthu ku khonsolo. Pitani ndi malamulo oyendetsera gulu, mayina a komiti, komanso kalata ya mfumu kapena ya komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC). Ngati mukulinga ndalama zochuluka zochokera kunja, mudzafunika kulembetsa kwa Registrar General kenako ku NGORA, nthambi yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, imene inalowa m'malo mwa NGO Board lamulo la mabungwe litasinthidwa mu 2022. Tsekulani akaunti ku banki m'dzina la gulu, osayinira asakhale a banja limodzi. Palibe amene adzatumize ndalama za pulojekiti pa Mpamba kapena Airtel Money ya tcheyamani.

Sungani kaundula, koma wopanda mayina

Aliyense wobwera kudzadandaula mpatseni nambala. Lembani tsiku, zaka zake, mtundu wa nkhanza, kumene mwamutumiza ndi mmene nkhani yathera. Opereka thandizo amafuna ziwerengero, sasowa dzina la mayi wa m'mudzi mwanu, ndipo bukulo litagwa m'manja mwa mwamuna wake mukhala mwamuika pa moto. Lisungeni m'chidebe cha pulasitiki chotseka bwino, muchipachike kudenga. Amene anaona madzi a namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 akudziwa zimene zimachitikira pepala losungidwa pansi pa bedi.

Dziwani khomo logogoda

UN Trust Fund to End Violence against Women, imene inakhazikitsidwa mu 1996 ndipo imayendetsedwa ndi UN Women, imalengeza pa intaneti ikafuna makalata. Palinso African Women's Development Fund ya ku Accra, Ghana, ndi Urgent Action Fund-Africa imene imapereka ndalama zochepa koma mwachangu. Werengani kaye zoyenereza. Ena amafuna bungwe lotsogoleredwa ndi amayi, ena malipoti a ndalama ofufuzidwa ndi akatswiri a zaka zingapo. Ngati mulibe, musadzivute.

Kunena mosapsatira, gulu laling'ono kawirikawiri limadyera pa bungwe lalikulu. Mmenemu ndi mmene ndalama za Spotlight Initiative, pulogalamu ya EU ndi UN yothana ndi nkhanza kwa amayi ndi atsikana, zinkatsikira kumidzi kuyambira 2019 mpaka 2023, Nsanje ili m'gulu la maboma 6 amene anasankhidwa. Mabungwe obwera ndi pulojekiti amayamba akafotokoza ku DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe ku khonsolo, choncho a ku khonsolo azikudziwani nkhope. Kawasiyireni lipoti lanu ngakhale sanakufunseni.

Lembani ulendo wa mayi mmodzi

Apa mpamene mapulopozo ambiri, makalata opemphera ndalama aja, amagwera. Aliyense amakopera kafukufuku wa 2015-16 amene anapeza kuti m'Malawi muno amayi 34 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anachitidwapo nkhanza zomenyedwa. N'zoona, koma wowerenga wakumana nazo kale m'makalata ena onse. Chimene sakuchidziwa ndi njira ya kwanu.

Muonetseni mtsikana wa ku Makhanga amene wagwiriridwa Lachisanu usiku. Mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Pa mlandu pakufunika kalata ya apolisi a Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndi lipoti la dokotala. Nkhani ikapita ku boma, iye ndi mayi ake awoloke Shire pa bwato kukafika ku Bangula, akwere minibasi, adye, mwina agone konko. Mlandu ukaimitsidwa kawiri, ulendo wachitatu sapitanso, ndipo apabanja amangoti tikambirane zapachiweniweni. Ndi mmenenso zimakhalira ndi mayi wa kwa Chapananga amene akufuna chiletso cha khothi pansi pa lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006. Lamulo lilipo, ya kabaza ndiye palibe.

Bajeti yanu itsate ulendo umenewu: bwato, kabaza, minibasi ya wodandaula ndi mboni, chakudya, pogona, mayunitsi a wodzipereka amene akumuperekeza. Ineyo ndikaona bajeti imene theka lapita ku maphunziro a ku loji, ma alawansi ndi matisheti a masiku 16 olimbana ndi nkhanza a pakati pa 25 Novembala ndi 10 Disembala, ndimadziwa kuti olembawo sanaperekezepo munthu kukhothi. Ikanimonso ntchito ya m'makampu nthawi ya madzi osefukira, pamene mabanja amaunjikana m'makalasi ndipo atsikana amapita kuchimbudzi mumdima. Ngati ndalama zikuwerengedwa m'madola, lembani tsiku ndi mtengo wa kwacha umene mwagwiritsa ntchito. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabajeti ambiri anangosanduka mapepala.

Potumiza

Phatikizani makalata okuvomerezani ochokera kupolisi, kuchipatala ndi ku ofesi ya chisamaliro cha anthu, komanso ndondomeko yanu yotetezera ana ndi odandaula. Musaikemo chithunzi cha munthu wovulazidwa. Tumizani kutatsala masiku angapo, poti netiweki ndi magetsi a kuno mukuzidziwa. Wina akakuuzani kuti mulipire kaye kuti kalata yanu ionedwe, ameneyo ndi wakuba.

Zikatheka

Walira mvula walira matope: ndalama iliyonse idzafunika lisiti. Wakabaza ndi mwini bwato alibe malisiti, ndiye konzeranitu fomu yolembapo tsiku, kochokera, kopita, mtengo ndi nambala ya wodandaula, woyendetsayo asayine kapena adinde chala. Funsani opereka thandizo ngati akuivomereza fomuyo musanawononge ndalama yoyamba, ndipo yankho lawo likhale lolemba.