Mmene mungasamalire chiwindi kuti ubongo usavutike

Chiwindi sichidandaula msanga. Mafuta akhoza kuunjikana m'menemo kwa zaka zambiri munthu osamva kupweteka kulikonse, mwina kutopa chabe. Madokotala amati vuto layamba mafutawo akapitirira 5 peresenti ya chiwindi, ndipo padziko lonse munthu wamkulu mmodzi pa atatu kapena anayi alionse ali nalo. Ambiri mwa iwo samwa mowa, kapena amamwa pang'ono chabe. Ine anandipeza nalo pondiunika m'mimba pa nkhani ina, ndiye zomwe ndikulemba pano ndi zomwe ndimachita ndekha.

Yambani ndi zomwe mumamwa. Shuga wamba theka lake ndi fructose, mtundu wa shuga wopezekanso m'zipatso, ndipo fructose wambiri amakathera m'chiwindi. Akafika wochuluka nthawi imodzi, chiwindi chimamusandutsa mafuta. Kachitini ka Coca-Cola ka 330 ml kali ndi shuga wokwana magalamu 35. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku, omwe ndi masipuni aang'ono 12, ndipo kuti 25 ndiye zabwino koposa. Kachitini kamodzi kokha kadutsa kale 25. Juwisi wa zipatso nayenso amawerengedwa m'gulu lomwelo, ngakhale pabotolo atalemba kuti ndi wachilengedwe. Idyani chipatsocho, musachimwe. Mu tiyi chepetsani shuga sipuni imodzi imodzi, lilime limazolowera.

Kenako thupi. Ngati mwanenepa, kuchotsa 7 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwanu kumachepetsa mafuta komanso kutupa kwa chiwindi. Munthu wa makilogalamu 90 ndiye kuti achotse 6 mpaka 9, koma pang'onopang'ono, m'miyezi ingapo. Kudzimana chakudya kuti muwonde mwachangu kukhoza kuchivulaza chiwindi chomwecho. Ine mbale yanga ndimayamba kuidzaza ndiwo zamasamba mpaka theka, kenako nyemba kapena nsomba, chokhutitsa chimalowa malo otsala. Zokazinga m'mafuta ambiri zikhale za apo ndi apo. Muziyendanso ndawala mphindi 150 pa sabata. Mowa wokha, ngati chiwindi chili kale ndi mafuta, ingousiyani.

Nanga ubongo ukulowapo bwanji? Ubongo ndi 2 peresenti chabe ya kulemera kwa thupi, koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zonse, ndipo zonsezo zimafika kudzera m'mitsempha ing'onoing'ono ya magazi. Kadyedwe konenepetsa chiwindi ndi komwenso kamachititsa thupi kusiya kumvera insulin (timadzi tothandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga wa m'magazi), n'kubweretsa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Awiriwa amawononga mitsempha ija, n'chifukwa chake amatsegulira njira sitiroko ndi kuiwalaiwala.

Njira yachiwiri imene vuto la chiwindi limafikira ku ubongo ndi yoopsa kwambiri, ndipo achibale ayenera kuidziwa. Ntchito ina ya chiwindi ndi kusandutsa amoniya, poizoni wochokera m'matumbo, kukhala urea, yemwe amatuluka ndi mkodzo. Chiwindi chikauma ndi zipsera, amoniyayo amayenda m'magazi mpaka ku ubongo. Munthu amayamba kugona masana n'kumachezera usiku, amasokoneza mawu, amapsa mtima popanda chifukwa, ndipo akatambasula manja amagwedera ngati mbalame ikukupiza mapiko. Anthu amafulumira kunena kuti wapenga kapena waledzera. Ameneyo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ake alipo, monga lactulose.

Za timabotolo ndi tiyi amene amati amatsuka chiwindi, ine ndimakana. Zina mwa izo ndi zomwe zimachivulaza. Ndalamazo kuli bwino mukayezetsere magazi. Pemphani kuti aone ALT (chizindikiro cha m'magazi chosonyeza ngati chiwindi chikuvulala), shuga ndi matenda otupa chiwindi a hepatitis B. Koma ALT ikhoza kutuluka bwinobwino mafuta alimo, ndiye ngati muli ndi matenda a shuga kapena mimba yanu yakula, funsani adokotala ngati angakuunikeninso m'mimba.