Mmene mungachepetsere kuima pa mzere ku kiliniki kuno ku Joni

Abale anga a kuno ku Jubeki, tonse tikudziwa kuti ku kiliniki ya boma mzere umayamba kunja kukadali mdima, 5 koloko anthu ali kale pageti atafunda mabulangete, koma mukaonetsetsa nthawi yambiri simathera kwa anesi ayi, imathera pawindo la mafayilo pomwe akalaliki akukusakani mu kompyuta osakupezani. Ndiye tiyeni tithandizane, chifukwa zambiri mwa izi mutha kuzikonza nokha tsiku loyamba lomwelo.

Makiliniki ambiri a boma amalembetsa odwala mu sisitemu yotchedwa HPRS, anaipanga a unduna wa zaumoyo mogwirizana ndi a CSIR, bungwe la boma lofufuza za sayansi, cholinga chake munthu mmodzi akhale ndi nambala imodzi. Kompyutayo sidziwa nkhope yanu, imangodziwa zomwe anataipa tsiku loyamba basi. Apa ndi pomwe aMalawife timagwera, kalaliki wa kuno sanazolowere maina athu, Phiri amatha kulemba Piri, Nkhoma n'kukhala Nkomo poti a Nkomo kuno ndi ambiri, za Ng'oma ndiye musakambe, kakoma kapamwamba kaja amangokasiya. Musamatchule dzina pakamwa, perekani pasipoti kapena pepala la asylum akopere okha, akamaliza pemphani mwaulemu kuti muone khadi kapena sitika yomwe asindikiza, onani dzina, onani ngati sanasinthanitse dzina lanu ndi la bambo, onani tsiku ndi mwezi wobadwa. Mukapeza cholakwika nenani pompo musanachoke pawindo, mukangochoka mwezi wamawa adzakutsegulirani fayilo yachiwiri yopanda kanthu, mbiri yonse ya BP yanu ili mu fayilo ina ija, anesi ayambirenso kukufunsani kuyambira pachiyambi. Mukatuluka jambulani khadilo pafoni mbali zonse ziwiri n'kudzitumizira nokha pa WhatsApp, makhadi amenewa amasowa tikamasamuka nyumba, lero ku Yeoville mawa ku Rosettenville.

Ina iyi ndinene mosabisa ngakhale ena ikuwawani. Musalembetse ndi mapepala a mnzanu kapena a achemwali anu. Ndikumvetsa mantha a mapepala, tonse timawadziwa, koma kale fayilo inali pepala lokhala pa shelefu imodzi, pano zotsatira za magazi zimamatidwa ku dzina ndi nambala, ndiye shuga wanu akalowa mu mbiri ya eni dzinawo, kapena iwo thupi lawo limakana penicillin inu ayi, tsiku lina mmodzi wa inu adzafika ali chikomokere dokotala n'kukhulupirira zomwe zili pa sikirini. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 27, amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo mu April 2023 khothi lalikulu la ku Gauteng linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 athandizidwe ulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lomwe achokera.

Tsopano nkhani ya foni, apa ndiye pagona phindu lenileni. Perekani nambala yanu yeniyeni yomwe simusintha, osati simu yogula chifukwa cha bandulo yotchipa sabata ino, osatinso ya abwana a kuganyu. Mukasintha nambala pitani mukanene pawindo aisinthe mu kompyuta, chifukwa simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaipereka kwa munthu wina, uthenga wa mankhwala anu uzikalira mu foni ya mlendo.

Chifukwa chake ndi ichi, ngati mumamwa mankhwala a nthawi yaitali monga ma ARV, a BP kapena a shuga ndipo zotsatira zanu zakhala bwino kwa kanthawi, funsani asisita kuti akulembetseni pa CCMDD, ena amangoti Dablapmeds. Pulogalamuyi inayamba mu 2014, mankhwala amapakiridwa kwina n'kutumizidwa pamalo omwe mwasankha nokha, kaya ku Clicks kaya ku Dis-Chem kaya malo ena omwe ali pa mndandanda wa kiliniki yanu, akafika mumalandira SMS, mumapita ndi chiphaso chomwe munalembetsera n'kutenga phukusi lanu la miyezi iwiri kapena itatu osalipira, osaima mzere wa odwala, ndipo phukusilo ndi lomata palibe amene akudziwa zomwe zili mkati. Kwa ife ogwira maganyu oti ukajomba tsiku limodzi abwana akudula ndalama, izi si zocheza. Sankhani malo a pafupi ndi kuntchito kapena pa renki yomwe mumakwerera taxi, osati pafupi ndi nyumba ya lendi yoti mwina musamukamo. Funsaninso kuti alembe dzina la munthu wina wokakutengerani mukatanganidwa. Koma SMS ikabwera musachedwe, phukusi losatengedwa limabwezedwa ndipo mubwereranso ku mzere uja munathawa. Makiliniki ena ali ndi maloka a Pelebox, anapanga ndi Neo Hutiri wa konkuno yemwe anapata nawo mphoto ya Africa Prize mu 2019, mumangolemba nambala ya foni ndi PIN yomwe yabwera pa SMS kachitseko n'kutseguka, koma popanda foni yolondola lokayo sikutsegukirani.

Akakutengani magazi, anesi amamata sitika ya barcode pa kabotolo ndipo inzake imatsala pa fomu kapena pa khadi, magaziwo amapita ku labu ya boma yotchedwa NHLS. Jambulani sitika imeneyo. Tsiku lomwe angakuuzeni kuti zotsatira sizikuoneka, nambala ya pa sitika ndi yomwe angasakire nazo mwachangu m'malo mokubayaninso.

Za mzere weniweniwo, tsatani tsiku lomwe analemba pa khadi poti makiliniki ambiri amatulutsiratu mafayilo a anthu a tsikulo. Ndipo musathamangire ku zipatala zazikulu monga ku Bara, ku Charlotte Maxeke kapena ku Helen Joseph ndi chifuwa wamba opanda kalata ya ku kiliniki, ku casualty, kolandirira odwala mwadzidzidzi, sayendera kuti wafika koyamba ndani, amaika anthu m'mitundu, ofiira amaonedwa nthawi yomweyo, kenako a olenji, achikasu, obiriwira pamapeto, ndiye mukapatsidwa wobiriwira khalani ndi chakudya m'chikwama musakwiye poona wobwera pambuyo panu akulowa. Amayi oyembekezera, pa sikelo yoyamba uzani asisita akulembetseni pa MomConnect, inayambanso mu 2014, ndi yaulere ndipo imatumiza mauthenga a mimba ndi a mwana pafoni, Chichewa mulibe ndiye sankhani Chizungu kapena Chizulu ngati munachigwira.

Amene mukuchokera kumudzi kumene kapena mukupita ku holide ya December, dziwani kuti makompyuta a ku Malawi, aja amasindikiza sitika yomata mu buku la kuchipatala, salumikizana ndi a kuno ngakhale pang'ono, mukangowoloka pa Beitbridge mbiri yanu ndi mapepala omwe muli nawo m'manja. Tengani kalata ya transfer, buku lanu, ndi botolo la mankhwala kapena chithunzi chake, poti kwathu ma ARV ambiri timawadziwa ndi nambala ya 13A pomwe asisita a kuno amawadziwa kuti TLD. Popita kumudzi uzani kiliniki kukadali nthawi akupatseni okwanira ulendo wonse.

Magetsi akazima kapena netiweki ikavuta amabwerera ku bolopeni ndi mapepala, tsiku limenelo onetsani chithunzi cha khadi chija alembe nambala yanu yakale pa fomu, ndipo ulendo wotsatira mufunse pawindo ngati za tsiku lija zinalowetsedwa mu kompyuta.