Momwe mungasankhire kampani yosamalira chikepe ndi kutsata malamulo ake

Chikepe chikavulaza munthu, woyamba kufunsidwa ndi mwini nyumba kapena woiyang'anira. Kampani yokonza mumangoilemba ntchito, udindo umatsalabe kwa inu.

Yambani ndi kudziwa malamulo amene chikepe chanu chimayendera. Ku Ulaya ndi m'mayiko otengera miyezo ya kumeneko amatsata EN 81-20 ndi EN 81-50, imene inatuluka koyamba mu 2014, pomwe ku United States ndi ku Canada amatsata ASME A17.1/CSA B44. Ku Britain, lamulo la LOLER la mu 1998 limati chikepe chonyamula anthu chiziunikidwa bwinobwino miyezi 6 iliyonse. Ofesi yoona za chitetezo cha nyumba kwanuko ikuuzeni nthawi zake, ndipo muzilembe nokha pakalendala. Musadikire kuti akukumbutseni.

Kenako fufuzani ngati kampaniyo ingathedi chikepe cha mtundu wanu. Opanga akuluakulu monga Otis, KONE, Schindler ndi TK Elevator nthawi zambiri amaika kompyuta yoyendetsa chikepe imene imafuna kachipangizo kawokawo kuti muwerenge pamene pavuta. Kampani yaing'ono ikhoza kumafika msanga, koma ikakhala ilibe kachipangizoka, makanika amangosintha ziwiya mongoganizira, inu mukulipira. Afunseni mosabisa: kachipangizoko muli nako? Nanga masipeya amene amatha msanga, monga timawilo ta zitseko ndi maswitchi otsekera zitseko, mumasunga kapena mumachita kuitanitsa? Pemphaninso satifiketi za amakanika, pepala la inshuwalansi, ndi nyumba ziwiri kapena zitatu zimene akusamalira kale kuti mukafunse nokha.

Pa kontirakiti ndi pamene ambiri amapunthwa. Yotsika mtengo imangokhudza kuthira oyilo ndi girisi, kupukuta ndi kuyang'ana. Chilichonse chikathyoka, bilu imabwera payokha. Ina ndi yokwanira, imaphatikiza masipeya ndi kubwera chikepe chikaima. Pa chikepe chakale kapena chotanganidwa, yokwanirayi ndiyo yabwino, chifukwa kampani imadziwa kuti ikanyalanyaza ntchito iluza ndi yomweyo. Komabe werengani zimene achotsamo: zingwe, mota, zowonongeka ndi madzi kapena magetsi, ndi ziwiya zimene anasiya kupanga. Mu kontirakitimo mulembedwenso kuti azibwera kangati pachaka, azifika pasanathe nthawi yotani munthu akatsekeredwa mkati, ndi kuti usiku kapena Lamlungu mtengo umasintha kapena ayi.

Ntchito ikayamba, muziiona ndi maso. Buku la chikepe lizikhala pamalo amodzi, ndipo makanika azilembamo zimene wagwira, osati siginecha yokha. Chikepe chiziima molingana ndi pansi; EN 81-20 imalola kusiyana kwa mamilimita 10 okha, ndipo kupitirira apo anthu amapunthwa, makamaka achikulire ndi oyenda panjinga ya olumala. Zitseko ndizo zimaimitsa chikepe kawirikawiri: fumbi ndi timiyala zikadzaza m'kanjira kapansi, chitseko sichitsekeka mpaka kumapeto, switchi siilumikizana, chikepe sichinyamuka. Kusesa m'kanjirako wosamalira nyumba angathe, koma kulowa m'dzenje kapena kukwera pamwamba pa chikepe ndi kwa makanika yekha. Funsani za zingwe. Fumbi lofiira ngati dzimbiri pa zingwe limasonyeza kuti mafuta auma mkati ndipo timawaya tikudyana. Mwezi uliwonse dinani batani la alamu muone ngati munthu akuyankha, ndipo nyale yoyaka magetsi akazima iyenera kukhala yoyaka ola lathunthu.

Woyeza chikepe asakhale makanika amene amachikonza, pakuti palibe amene amadziyesa yekha mayeso n'kudzilepheretsa. Pezani woyeza wapadera wovomerezeka, aone mabuleki ndi kachipangizo koletsa liwiro, kamene kamayenera kugwira chikepe chikathamanga kuposa liwiro lake ndi 15 pa 100 kapena kupitirira pang'ono. Lipoti lake mulipereke ku kampani yokonza ndi tsiku loti zolakwikazo zikhale zitatha, ndipo musunge kope.

Makontirakiti ambiri amadziwonjezera okha zaka zina mukapanda kulemba kalata yokana nthawi isanakwane, kawirikawiri masiku 90 asanathe. Tsiku limenelo mulilembe pamene mukusaina.