Mphepo inkandibera zipolopolo pa mayadi 600

Mfuti yanga yowombera chandamale inali ya katiriji (chipolopolo pamodzi ndi chikho chake cha wonga) ya mtundu wa .308 Winchester. Pa mayadi 300 zinkayenda bwino, koma ndikafika 600 kamphepo kochepa kankakankhira zipolopolo kumbali, ndipo mfuti ikagunda paphewa diso linkachoka pa sikopu (galasi loyang'anira chandamale). Ndinayesa zipolopolo zolemera za 175 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo). Zinasintha pang'ono, phewa n'kumawawa.

Ndinasamukira ku katiriji ya mtundu wina, 6.5 Creedmoor. Tsinde la katiriji yake ndi lofanana ndi la .308, choncho bolt (chitsulo chotsekera katiriji mumfuti) ndi magazini sindinasinthe, ndinangogula mpope wa mfuti watsopano. Apa ndiye samalani: funsani mpope wa twist ya 1:8 (mizere ya mkati mwa mpope yozungulitsa chipolopolo kamodzi pa mainchi 8 alionse), apo ayi chipolopolo chachitali cha 140 grain sichikhazikika chikamauluka. Wokonza mfuti anamanga mpopewo n'kuyeza headspace (mpata womwe katiriji imakhalamo bolt ikatsekedwa) ndi geji.

Mpopewu umatha msanga kuposa wa .308, koma tsopano mfuti siigunda kwambiri paphewa, ndiye ndimaona ndekha pomwe chipolopolo chagwera.