Msungichuma wa steti ku America: mwina akusunga ndalama zanu

Kumudzi sitivotera munthu wosunga chuma cha boma. Nduna ya zachuma ndi mlembi wamkulu wa ku Treasury amasankhidwa ndi Pulezidenti, ife timangomva mayina awo pa wailesi tsiku la bajeti likafika. Ku America zinthu n'zosiyana. Pafupifupi steti iliyonse ili ndi msungichuma wake, State Treasurer, ndipo m'masteti 36 munthuyu amasankhidwa ndi anthu pa chisankho. Dzina lake limakhala cham'munsi pa pepala lovotera, pamene ambiri amafika atatopa kale. Koma kwa Mmalawi amene akugwira mashifiti ku South Bend, ku Seattle kapena ku Dallas, ofesi imeneyi ingathe kumuthandiza msanga kuposa ya senita, chifukwa n'zotheka kuti muli ndalama zake mmenemo iye asakudziwa.

Poyamba tisasokoneze maudindo. Msungichuma wa steti si IRS, bungwe lotolera msonkho, ndipo si amene siginecha yake ili pa dola. Amenewo ndi a boma lalikulu ku Washington DC. Wa steti sialinso msungichuma wa kaunti, amene ku Indiana ndi amene amatolera msonkho wa nyumba kwa inu amene munagula nyumba. Wa steti ntchito yake n'kusunga ndalama zimene boma la steti latolera, kuziika m'mabanki ndi m'malonda ena kuti zizibereka podikira kugwiritsidwa ntchito, kulipira zimene aphungu avomereza, ndi kukongolera steti ndalama pogulitsa mabondi akafuna kumanga misewu kapena sukulu. M'masteti ambiri amakhalanso m'komiti yoyendetsa penshoni ya aphunzitsi, apolisi ndi ena ogwira ntchito m'boma. Bajeti sapanga iye. Imeneyo ndi ya bwanamkubwa ndi aphungu.

Tsono pa ndalama zanu zija. Lamulo la steti iliyonse limati kampani ikakhala ndi ndalama za munthu amene sakupezeka, singazidye. Pakapita nthawi yoikika, kawirikawiri zaka 3 mpaka 5, ndipo pa malipiro a kuntchito nthawi zambiri chaka chimodzi chokha, iyenera kuzipereka ku boma la steti, pamodzi ndi dzina la mwiniwake ndi adiresi yake yomaliza. Amazitcha unclaimed property. Bungwe la akuluakulu oyang'anira ndalamazi, NAUPA, limati munthu mmodzi pa anthu 7 alionse ali ndi kenakake komwe kakumudikira.

Ife obwera ndiye timasiyasiya ndalama m'mbuyo kuposa eni nthaka, chifukwa timasamukasamuka. Munafikira kwa achibale, miyezi itatu munapeza kachipinda, kenako mnzanu anakuuzani kuti ku Washington osamalira okalamba amalipidwa bwino, munanyamuka. Cheke chomaliza cha ku ejensi ija chinapita ku adiresi yakale. Dipoziti ya magetsi sinabwere. Inshuwalansi ya galimoto munailipira miyezi 6, galimoto n'kugulitsa mwezi wachiwiri, ndipo zotsalazo anakutumizirani kumene munachoka. Akaunti imene munatsegula muli pasukulu inatsala ndi madola 80. Zonsezi zimakathera ku steti, ndipo boma silikhala nalo phuma lokufunafunani.

Kufufuza n'kwaulere. Pa MissingMoney.com, pamene masteti ambiri amaika mayina, mumangolemba dzina ndi steti. Fufuzani steti iliyonse imene munakhalako, ngakhale miyezi iwiri yokha. Ndipo apa pali chinthu chimene Amalawi tiyenera kuchita mwakhama: mayina athu amawalemba molakwika. Yesani Phiri, muyesenso Piri. Mkandawire angakhale Mkandawile kapena Nkandawire. Ng'oma muilembe yokhala ndi kachizindikiro kaja, muilembenso Ngoma. Sinthanitsani dzina loyamba ndi la bambo, poti ambiri m'maofesi sadziwa kuti pakati pa Chisomo ndi Banda loyamba ndi liti. Amayi yesani dzina la kwanu ndi la kubanja lomwe.

Mukapeza dzina lanu, adzafuna chiphaso chokhala ndi chithunzi, nambala ya Social Security kapena ITIN (nambala yolipirira msonkho ya amene alibe Social Security), ndi umboni woti munakhaladi pa adiresi yomwe yalembedwa: pangano lakale la lendi, pepala la malipiro, kalata ya ku banki, fomu yakale ya msonkho. N'chifukwa chake envelopu ya mapepala akale ija si yotaya posamuka. Ndalamazi mwini wake ndi mwini wake basi, kaya ndi nzika kaya ayi. Ngakhale amene anabwerera ku Malawi angathe kuziitanitsa ali konko, ngakhale cheke cha madola chimavuta kusintha kumudzi, choncho amene mukuganiza zobwerera fufuzani akaunti yanu ya kuno isanatsekedwe. Chimodzimodzi m'bale akamwalira. Tikamathamanga ndi zopereka kuti thupi lipite kumudzi, palibe amene amakumbukira cheke chake chomaliza. Pakapita zaka, mkazi wake kapena ana angathe kuitanitsa ndalamazo ndi kalata ya imfa ndi mapepala osonyeza kuti ndiwo oyenera kulandira chuma cha masiye. Komiti iliyonse ya Amalawi yoona za maliro ikanati izifufuza mayina a anthu amene inawatumiza zaka zapitazo.

Chosokoneza n'chakuti m'masteti amene Amalawi tinachulukana, ntchito imeneyi nthawi zambiri siili kwa msungichuma. Ku Illinois, ku Pennsylvania ndi ku Massachusetts ili kwa iye. Koma ku Indiana ili ku ofesi ya Attorney General, ndipo kumeneko pali malire: pakatha zaka 25 ndalamazo zimasanduka za boma. Ku Washington ili ku Department of Revenue. Ku Maryland ndi ku New York ili kwa Comptroller, mkulu woyang'anira maakaunti a boma la steti. Ku Texas udindo wa msungichuma anauthetseratu mu 1996, ntchito zake n'kuzipereka kwa Comptroller. Minnesota inathetsa wake mu 2003, ndipo chaka chomwecho Florida inauphatikiza ndi udindo wina n'kupanga Chief Financial Officer. Mukalowera pa MissingMoney.com kapena unclaimed.org mudzafika pa khomo loyenera.

Akuba nawonso amaidziwa nkhani imeneyi. Foni ikalira, wina n'kumati ndi wa ku Treasury, muli ndi madola 9,000 koma mulipire kaye kangachepe ndi gift card, dulani. Boma sililipiritsa kuti likubwezereni zanu. Palinso makampani ovomerezeka amene amakulemberani kalata kuti akupezereni ndalamazo n'kudulapo gawo lawo. Si akuba, koma mukuwalipira pa ntchito imene mungaichite nokha pa foni mukudikira basi.

Chinthu chachiwiri chimene maofesi ambiri a asungichuma amayendetsa ndi akaunti yosungira fizi ya mwana ya ku koleji, imene amangoitcha 529. Mumaikamo pang'onopang'ono, ndalama zimabereka, ndipo phindulo silidulidwa msonkho ngati mwazigwiritsa ntchito pa maphunziro. Ku Indiana, kumene msungichuma ndiye wapampando wa bungwe loyendetsa Indiana529, boma limakuchotserani pa msonkho wanu wa steti 20 peresenti ya zimene mwaika, mpaka madola 1,500 pachaka. Mwaika madola 100 pamwezi, ndiye 1,200 pachaka, msonkho wanu watsika ndi 240. Chipereganyu n'chabwino, chimatithandiza kugula malata ndi mapuloti, koma phindu lotere sichipereka. Chenjezo lake n'lakuti mukatapa ndalamazi kukamalizira nyumba ku Area 49, phindulo lidzadulidwa msonkho ndi chilango cha 10 peresenti, ndipo steti ingafune kuti mubweze zimene inakuchotserani. Ndalamazi zili m'malonda, zimakwera ndi kutsika. Ndiponso si sukulu iliyonse ya kunja kwa America imene imavomerezedwa, choncho ngati maganizo anu ndi oti mwana akaphunzire kumudzi, funsani kaye musanatsegule. Mabanja amene ali ndi mwana wolumala afunse za akaunti ya ABLE, imene imalola kusunga ndalama popanda kutaya thandizo la boma monga la kuchipatala la Medicaid.

Amene muli ku Oregon, ku Illinois ndi ku California mwina munaona kale kuti pa pepala la malipiro akudula 5 peresenti yopita ku OregonSaves, Secure Choice kapena CalSavers, musanapemphe. Si msonkho. Ndi ndalama zanu zopumira pantchito, za anthu amene abwana awo alibe penshoni, ndipo zili pansi pa asungichuma a masteti amenewo. Oregon ndi imene inayamba mu 2017. Mungathe kukana, koma ine ndingati zisiyeni zizilowa. Kungoti mukasamuka muziwauza adiresi yatsopano.

Tibwere ku chisankho. M'masteti ambiri msungichuma amakhala zaka 4, ndipo amasankhidwa pa chisankho cha pakati pa nthawi ya Pulezidenti, monga cha pa 3 Novembala 2026. Indiana ili m'gulu limeneli; Daniel Elliott wa Republican anapambana mu 2022. Kumeneko oimira zipani pa udindowu sasankhidwa pa mapulaimale koma pa konveshoni ya chipani, choncho mumangowaona pa pepala la Novembala. Washington, Pennsylvania, Oregon ndi North Carolina amasankha chaka cha Pulezidenti. Ku Washington Mike Pellicciotti wa Democrat anapambana mu 2020 ndi mu 2024. Kentucky, Louisiana ndi Mississippi amavota zaka zawozawo, monga 2023 ndi 2027. Ku Maryland, Maine, New Hampshire ndi Tennessee amasankha ndi aphungu, moti amene muli ku Silver Spring musavutike kufunafuna dzina la msungichuma wa Maryland pa pepala lovotera. Ku Michigan ndi ku New Jersey amasankha ndi bwanamkubwa.

Kale chisankho chimenechi chinali chozizira, koma masiku ano chalowa ndale zenizeni. Mu 2022 msungichuma wa ku Louisiana, John Schroder, analengeza kuti achotsa madola 794 miliyoni ku kampani ya BlackRock, yoika ndalama za anthu m'malonda, poinena kuti mfundo zake za kusintha kwa nyengo zikupweteka malonda a mafuta a steti yake. Asungichuma a mbali ina ya ndale amakankhira kwina, kufuna kuti ndalama za penshoni zichoke ku malasha ndi mafuta. Amene mukugwira ntchito m'chipatala cha boma kapena m'sukulu, ndi penshoni yanu imene akukanganirana. Ndipo wosunga chuma akalakwitsa zimawawa. Ku Orange County, California, msungichuma wa kaunti Robert Citron, amene anthu ankamuvotera mobwerezabwereza, anaika ndalama za anthu m'malonda angozi n'kutaya madola oposa 1.6 biliyoni, kauntiyo n'kugwa mu 1994. Ife amene tinaona Cashgate mu 2013 sitifunika kuuzidwa zambiri pamenepa. Pomvera ofuna udindowu, siyani zimene akunena za Pulezidenti, zimenezo si ntchito yawo. Mverani ngati akunena ndalama zimene abweza kwa eni ake, zimene makampani oyendetsa 529 akudula, ndi kumene akufuna kuika ndalama za penshoni.

Koma voti imeneyi ndi ya nzika za America zokha, ndipo apa m'pamene abale athu angagwe m'dzenje lovuta kutulukamo. Green card si unzika. Chilolezo cha ntchito si unzika. Palibe steti imene imalola munthu wosakhala nzika kuvotera msungichuma, ndipo lamulo la 1996 limati kuvota mosaloledwa, kapena kunama kuti ndinu nzika, kungakuthamangitseni m'dziko n'kukutsekerani khomo mpaka kalekale. Msampha wake uli ku ofesi ya malayisensi, BMV ku Indiana, DMV m'masteti ena. Chiyambire lamulo la 1993, kumeneko amafunsanso ngati mukufuna kulembetsa m'kaundula wa ovota. Mwaima pa mzere maola awiri mutachokera ku shifiti ya usiku, kamakina kakufunsa mafunso motsatizana, inu mukungodina "yes" kuti mumalize. Funso limodzi pamenepo ndi loti kodi ndinu nzika. Werengani lililonse. Khadi la ovota likakupezani pa positi musanalumbire unzika, musaligwiritse ntchito ndipo musangolitaya. Onanani ndi loya wa za imigireshoni kuti dzina lanu lichotsedwe mwadongosolo, chifukwa fomu yofunsira unzika, N-400, imafunsa ngati munalembetsapo kapena kuvotapo. Zoti ku Takoma Park ndi matauni ena a ku Maryland obwera amavota n'zoona, koma n'za khonsolo ya tauni yokhayo.

Ndalama za kampeni nazonso zili ndi lamulo lake. Wa green card angathe kupereka. Wa viza ya sukulu, ya ntchito kapena ya ulendo saloledwa, ngakhale madola 10, ngakhale pa chisankho cha steti. Wofuna udindo akabwera kutchalitchi kwanu mbale n'kuyamba kuyenda, idutseni.

Amene munalumbira kale, lembetsani msanga. Ku Indiana kaundula amatsekedwa kutatsala masiku 29 ndipo povota amafuna chiphaso cha boma chokhala ndi chithunzi. Ku Washington pepala lovotera limabwera pa positi. Amene mukuzengereza kutenga unzika poopa kutaya wa kwathu, Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe inasintha lamulo mu Disembala 2018 kuti Mmalawi azitha kukhala nzika ya mayiko awiri. Pali mafomu ake ndi ndalama zolipira, ndipo za zimenezi funsani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Washington DC musanapite kokalumbira.