Momwe mungafufuzire mbiri ya siteshoni ya sitima: chitsanzo cha Abbey Wood ku London

Munthu wofuna kulemba mbiri ya siteshoni ya sitima ya kumalekezero a mzinda ayenera kuyambira pasiteshoni pomwepo, osati m'mabuku, ndipo ayambe ndi zimene zamangidwa posachedwa n'kumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Njira imeneyi imaoneka bwino tikatenga siteshoni ya Abbey Wood, yomwe ili kum'mwera chakum'mawa kwa London, pamalire a dera la Greenwich ndi la Bexley.

Mukafika, yang'anani kaye denga. Ndi lamatabwa opindika, ndipo malo ogulira matikiti ali pamwamba pa njanji, molingana ndi mlatho wa msewu wa Harrow Manorway, kotero kuti wokwera amatsikira kupulatifomu pa masitepe kapena pa chikepe. Nyumba imeneyi idatsegulidwa mu 2017, koma sitima za Elizabeth line, njanji yatsopano yodutsa pakati pa London, zomwe idamangidwira, zidayamba kuyenda pa 24 May 2022. Lembani zaka ziwirizi padera, chifukwa ambiri amasokoneza tsiku lotsegulira nyumba ndi tsiku loyambira sitima.

Kenaka tsikirani kupulatifomu, mukaonetsetse njanji, pakuti umboni wosanama uli pamenepo. Kumbali imene kumaima sitima za Southeastern ndi Thameslink, m'mphepete mwa njanji ziwiri zoyendapo mawilo muli njanji yachitatu yokwererako pang'ono, yonyamula magetsi a mavoti 750. Kumbali ya Elizabeth line njanji yachitatuyo kulibe. Magetsi a mavoti 25,000 amadutsa m'mawaya a m'mwamba. Kusiyana kumeneku kukukuuzani kuti mukuona ntchito za mibadwo iwiri, popeza njanji yachitatu idabwera ndi kampani ya Southern Railway mu 1926, pamene idaika magetsi panjira yopita ku Dartford. Zonsezi muziona mutaima kumbuyo kwa mzere wachikasu, ndipo musayese kutsikira panjanji.

Mukamaliza ndi maso, tsatani maina a eni ake, chifukwa zikalata zakale zimasungidwa potsata dzina la kampani, osati la siteshoni. Abbey Wood idatsegulidwa mu 1849 ndi South Eastern Railway, idalowa m'manja mwa Southern Railway mu 1923, kenaka mwa British Railways mu 1948 boma litatenga njanji za dziko lonse. Ndi maina amenewa mukhoza kufufuza ku National Archives, nyumba yosungira zikalata za boma ku Kew ku London, m'magulu a zikalata otchedwa RAIL ndi AN. Mapu akale a Ordnance Survey, bungwe lojambula mapu ku Britain, mungawaone kwaulere pa intaneti, patsamba la National Library of Scotland, ndipo mukaika mapu a zaka zosiyana pambali ndi pambali mudzaona minda yozungulira siteshoni ikusanduka mizere ya nyumba. Mudzaonanso kuti kale msewu unkadutsa panjanji penipeni mlatho usanamangidwe. Ziwerengero za okwera chaka ndi chaka amazifalitsa ndi a Office of Rail and Road, bungwe loyang'anira njanji ndi misewu.

Gawo limene olemba ambiri amalithamangira, pomwe ndi lofunika koposa, ndi kufunsa chimene chidachititsa kusintha kulikonse. Siteshoni siikonzedwa popanda chifukwa, ndipo chifukwacho kawirikawiri chimakhala kunja kwa mpanda wake. Chakumpoto kwa Abbey Wood kuli Thamesmead, dera la nyumba zambiri lomwe lidayamba kumangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 pamalo omwe kale adali dambo, koma mpaka lero lilibe siteshoni yakeyake, choncho anthu ake ambiri amadzakwerera sitima pano. Nyumba ya siteshoni yomangidwa mu 1987 sidakhalitse, pakuti Nyumba ya Malamulo itavomereza lamulo la Crossrail (ntchito yomanga Elizabeth line) mu 2008, padafunika malo a njanji ndi mapulatifomu owonjezera, ndipo idagwetsedwa. Ngakhale dzina la malowo lili ndi gwero lake: pafupi pali mabwinja a Lesnes Abbey, nyumba ya amonke yokhazikitsidwa mu 1178.

Polemba, chaka chilichonse muchitsimikize m'malo awiri osadalirana, chifukwa masamba a pa intaneti amangokoperana zolakwika. Zimene okwera akale angakuuzeni, monga za mizere pogula matikiti kapena za kudikira pageti sitima ikamadutsa, muzilembe monga zokumbukira zawo, ndipo musatchule maina awo asanakuloleni.